Kodi tingayeze bwanji mahomoni m'madzi onyansa ku Salima popanda kuwonjezera poizoni m'chilengedwe?

Wophunzira wa ku Salima analemba kuti:

Moni nonse a pa bwalo lino, makamaka inu amene mumagwira ntchito m'malabotale oyeza madzi. Ndine wophunzira wa digiri yachiwiri ya sayansi ya zachilengedwe ndipo kwathu ndi konkuno ku Salima. Kafukufuku amene ndikukonzekera ndi wofuna kudziwa kuchuluka kwa mahomoni achikazi m'madzi onyansa otuluka m'matanki a zimbudzi a m'malo ogona alendo ku Senga Bay, m'ngalande za m'tauni ya Salima, komanso mu mtsinje wa Linthipe, umene umalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe usanakathire m'nyanja. Mahomoni amene ndalemba m'ndondomeko yanga ndi estrone, estradiol ndi estriol, amene thupi la munthu limapanga lokha n'kuwatulutsa mu mkodzo, ndiponso ethinylestradiol, amene amapangidwa kufakitale ndipo ali m'mapiritsi ambiri olerera.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi njira yoyezera. Njira zimene ndawerenga zimafuna lita imodzi ya madzi pa sampulo iliyonse, ndipo zina zimagwiritsa ntchito dichloromethane pokoka mahomoniwo, kenako methanol ndi acetonitrile pa makina. Mankhwalawa ndi odula, amachokera kunja, ndipo akagwira ntchito amasanduka zinyalala zimene labotale yaing'ono ngati imene ndigwiriremo ntchito ilibe kokazitaya. Ndikuopa kuti mathero ake adzakhala kuwathira m'sinki, ndipo kuchokera m'sinkimo adzalowa m'thanki yomweyo imene ndikuiyeza. Mtima wanga sukulola kuti ndiipitse madzi m'dzina lowateteza.

Funso langa ndi lakuti: kodi pali njira zodalirika zimene zimachepetsa mankhwala oopsawa koma n'kuthabe kuona mahomoni amene ali ochepa kwambiri chotere? Ndipo pa njira zimenezo, ndi iti imene ingatheke kuno, kumene kumatentha, magetsi amathimathima, ndipo makina akuluakulu ali kutali?

Woyeza mankhwala m'labotale, Dwangwa, anayankha kuti:

Achemwali, nkhawa yanu ndi yoona, ndipo akatswiri akhala akulimbana nayo kuyambira pamene Paul Anastas ndi John Warner anafalitsa mfundo 12 za sayansi ya mankhwala yosawononga chilengedwe mu 1998. Koma tisanakambe za njira, mudziwe kaye kukula kwa chimene mukufunafuna. Nanogramu imodzi pa lita (1 ng/L) ili ngati gramu imodzi yosungunulidwa m'migolo 5,000,000 ya malita 200. Mu 2015 mayiko a European Union ataika estrone, estradiol ndi ethinylestradiol pa mndandanda wa zinthu zoyenera kuzilondola m'madzi, anafuna njira yotha kuona 0.4 ng/L ya estrone ndi estradiol, ndi 0.035 ng/L ya ethinylestradiol. Lita yathunthu ija imafunika pa chifukwa chimenechi: mukatenga mamililita 500 n'kuwapanikiza mpaka theka la mililita, mahomoni amachuluka ka 1,000, pamene mukayamba ndi mamililita 10 n'kuthera pa 0.05 amachuluka ka 200 kokha. Njira iliyonse yochepetsa mankhwala iyesedwe pa masamu amenewa.

Dichloromethane mumusiye ndithu. Amawira pa madigiri 40, kotero m'chipinda cha ku Salima mwezi wa Okutobala ambiri a iye mudzangomupuma, ndipo bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linamuika m'gulu 2A la zinthu zoganiziridwa kwambiri kuti zimayambitsa khansa. Njira ya SPE, imene madzi amadutsa m'katiriji yaing'ono yokhala ndi ufa wogwira mahomoni, imafuna mamililita ochepa okha a methanol, ndipo imeneyo yokha ndi sitepe yaikulu kale. Njira 539 ya bungwe la zachilengedwe la EPA la ku America, ya mu 2010, yoyezera mahomoni m'madzi akumwa, ndi ya mtundu umenewu.

Zilipo njira zochepetsa koposa apa. SPME, imene Janusz Pawliszyn wa pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anaiyambitsa mu 1990, imagwiritsa ntchito kaulusi kokutidwa ndi zinthu zogwira mahomoni kamene kamamizidwa m'madzi, ndipo pokoka sipafunika mankhwala osungunulira. Vuto lake ndi lakuti kaulusiko ndi kodula, kamathyoka msanga, ndipo madzi a m'thanki ya chimbudzi amakaphimba ndi mafuta. Komanso ngati mukupita nako ku makina a GC-MS, amene amayeza zinthu zili ngati mpweya, mahomoni amayenera kusinthidwa kaye ndi mankhwala monga BSTFA kuti athe kuuluka ngati mpweya, ndipo zinapezeka kuti kusinthako kukapanda kuchitika bwino ethinylestradiol amasanduka n'kumaoneka ngati estrone, zimene zingasokoneze zotsatira zanu zonse.

Imene ine ndimaiona kuti ikuyenera labotale yosauka ndi DLLME, imene inafalitsidwa ndi akatswiri a ku Iran mu 2006. Mumabaya kadontho ka mankhwala okokera m'mamililita 5 kapena 10 a madzi, madziwo amachita mbuu, mumawazunguza pa makina a centrifuge, n'kutenga kadonthoko. Poyamba ankagwiritsa ntchito mankhwala a chlorine, koma masiku ano ambiri amatenga 1-dodecanol, amene amayandama pamwamba ndipo amalimba kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24, kotero mukaika chubu mu ayezi kadontho kaja kamauma n'kutoleka mosavuta. Ena amasakaniza menthol ndi thymol, kapena menthol ndi decanoic acid, zinthu zolimba ziwiri zimene zikakumana zimasanduka zamadzimadzi zosasakanikirana ndi madzi.

Pa makina a HPLC, amene amalekanitsa mahomoni powakankha ndi mankhwala amadzimadzi m'kachubu kotchedwa kolamu, palinso mpata, ndipo apa ndi pamene ife a m'boma la Nkhotakota tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Ethanol akhoza kulowa m'malo mwa acetonitrile, ndipo ethanol amapangidwa konkuno ku Dwangwa kuchokera ku molasisi wa nzimbe, pa fakitale ya Ethco imene inayamba mu 1982. Sindikunena kuti mutunge ethanol wosakaniza ndi petulo n'kumuthira m'makina, ayi; amene mungamugwiritse ntchito ayenera kukhala woyera kwambiri, wosefedwa, ndipo muyambe mwamuyendetsa yekha kuti muone ngati sakubweretsa zizindikiro zabodza. Ethanol ndi wolemererapo poyenda, choncho amakweza mphamvu yokankha ya pampu, koma kutenthetsa kolamu mpaka madigiri 40 kumathandiza. Kukula kwa kolamu nakonso kumawerengedwa: ya mamilimita 4.6 yoyenda mililita imodzi pa mphindi imadya mamililita 480 pa maola 8, pamene ya mamilimita 2.1 imadya pafupifupi 100 pa nthawi yomweyo. Makina akale sayenda bwino ndi kolamu yopyapyala chotero, ndiye ya mamilimita 3 ndi yapakatikati yabwino.

Tsopano chenjezo, ndipo ndikupempha kuti mulimve. Estradiol, estriol ndi ethinylestradiol amawala akaunikidwa pa mananomita 280 (muyezo wa mtundu wa kuwala) n'kuwerengedwa cha pa 310, choncho HPLC ya fluorescence, yoyeza kuwalako, imawaona, koma estrone sawala bwino, chonsecho ndiye amene amapezeka kawirikawiri m'madzi otuluka m'maiwe a zonyansa. Kuwonjezera apo, DLLME ndi HPLC yotere sizingafike pa 0.035 ng/L. M'thanki ya chimbudzi, mmene mahomoni achilengedwe amafika makumi kapena mazana a mananogramu pa lita, mukhoza kupeza kanthu. Mu Linthipe ndi m'mphepete mwa nyanja mudzangolemba kuti simunapeze, pamene choona n'chakuti makina anu sanathe kuona. Lipoti lotero likhoza kuchititsa akuluakulu kukhulupirira kuti madzi ali bwino, ndipo kuwononga kwake n'kwakukulu kuposa botolo la methanol limene mwapulumutsa. Masampulo a mu mtsinje ndi m'nyanja adutse pa SPE ndipo akayezedwe pa LC-MS/MS, makina akuluakulu otha kuona mahomoni ochepa kwambiri chotero.

Wopuma pa ntchito ya zausodzi, Nkhotakota, anayankha kuti:

Mwana wathu, ine sindine wa m'labotale ya mankhwala, ndinakalambira pa nsomba, choncho ndiyankha mbali imene ndikuidziwa. Bambo a ku Dwangwa afotokoza bwino za makina, koma ndikuona kuti mankhwala ambiri amaonongeka chifukwa choyeza masampulo amene sanafunikire kuyezedwa n'komwe. Ngati mutayamba ndi kusefa malo, kuti mudziwe pamene pali vuto ndi pamene palibe, masampulo opita ku makina odula angakhale ochepa kwambiri.

Nkhani yonseyi inayambira pa nsomba. Ku Britain, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza anaika nsomba zazimuna m'makola pafupi ndi mipope yotulutsa madzi a suweji, ndipo anapeza kuti magazi ake adzaza ndi vitellogenin, puloteni imene nsomba yaikazi imapanga pokonza mazira. Mu 1998 Susan Jobling ndi anzake anaonetsa kuti nsomba zambiri zazimuna za mtundu wa roach m'mitsinje ya kumeneko zinali ndi mazira m'ziwalo zake zoberekera. Umboni umene unandigwira mtima kwambiri ndi wa ku Canada, kumene Karen Kidd ndi gulu lake anathira ethinylestradiol wokwana 5 mpaka 6 ng/L m'nyanja yaing'ono yoyeserera yotchedwa Lake 260, kuyambira 2001 mpaka 2003, ndipo kansomba kotchedwa fathead minnow kanatsala pang'ono kutheratu m'nyanjamo. Zotsatirazo zinafalitsidwa mu 2007. Atasiya kuthira, nsombazo zinachulukanso patapita zaka zingapo, kusonyeza kuti vutoli limatheka kulikonza ngati gwero lake latsekedwa.

Nyanja yathu ndi yaikulu ndipo imasungunula zambiri, koma nsomba sizimaswana pakati pa nyanja pokha. Ana a chambo amakulira m'madzi osaya a m'mabango, mpasa zimakwera Bua ndi Linthipe kukaikira mazira, ndipo dambo la Chia ndi losaya, lolumikizana ndi nyanja pa kamtsinje kamodzi. Amenewa ndiwo malo oyenera kuwayang'ana, ndipo muwayang'ane kawiri: m'chilimwe pamene madzi a mu mtsinje achepa n'kusiya zonyansa zili zokhathamira, ndi pa mvula yoyamba pamene zimbudzi zokumba zimasefukira ndipo ndowe za ng'ombe zimakokoloka. Musaiwale kuti ziweto nazonso zimatulutsa mahomoni.

Posefa malo pali njira ya yisiti yotchedwa YES, imene Routledge ndi Sumpter anaifalitsa mu 1996. Yisitiyo anaiika chibadwa cha munthu chomvera estrogen, gulu la mahomoni achikazi aja, ndipo ikakumana ndi chilichonse chochita ngati estrogen, madzi a m'timaenje ta mbale yoyezera amasintha kuchoka pa chikasu kupita pa kufiira. Siikuuzani dzina la homoni, koma imakuuzani mphamvu ya zonse pamodzi, chimene ndicho nsomba imakumana nacho. Popeza yisitiyi ndi yosinthidwa chibadwa, mufunse za chilolezo motsata lamulo la Biosafety Act la 2002, ndipo yotsala iphedwe ndi nthunzi yotentha isanatayidwe.

Palinso tizipangizo totchedwa POCIS, timene mumatimangirira m'madzi kwa milungu iwiri kufikira inayi kuti tizisonkhanitsa mahomoni pang'onopang'ono. Timachotsa mtolo wonyamula mabotolo, ndiponso timagwira zimene zinadutsa usiku inu mutagona. Koma musanamize chilichonse, mukaonekere kwa amfumu ndi a komiti ya pa doko n'kuwafotokozera cholinga, apo ayi kachipangizoko kadzakodwa m'chilimira kapena kudzutsa mphekesera. Ndipo ngati kumtunda kuli malo oswetsera nsomba za m'mayiwe, mufunse ngati amagwiritsa ntchito methyltestosterone, amene m'mayiko ambiri amasakanizidwa m'chakudya cha ana a tilapia kuti onse akhale amuna.

Namwino wa zakulera, Salima, anayankha kuti:

Achemwali, za makina ndasiyira anzangawa, koma mndandanda wanu wa mahomoni wandidetsa nkhawa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ukutsatira mmene zinthu zilili ku Ulaya, kumene amayi ambiri amamwa mapiritsi. Kuno sizili choncho. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi apabanja, 30 pa 100 alionse ankabayitsa jakisoni, 12 anali ndi njira ya pamkono, ndipo omwa mapiritsi anali 2 okha. Jakisoni wa Depo-Provera ali ndi medroxyprogesterone acetate, Jadelle ali ndi levonorgestrel, Implanon ali ndi etonogestrel, ndipo mwa zonsezi mulibe ethinylestradiol. Mukathera ndalama zanu zonse posakasaka ethinylestradiol, mukhoza kudutsa pambali pa zimene amayi a kuno amagwiritsadi ntchito.

Chachiwiri ndi kalankhulidwe. Ife timagwira ntchito yaikulu kuti mayi afike pokhulupirira njira yolerera, ndipo mphekesera imodzi yakuti mankhwala olerera akupha chambo ikhoza kubweza m'mbuyo amayi a mudzi wonse, makamaka kumadoko kumene abambo ambiri ndi asodzi. Choona n'chakuti munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, amatulutsa estrogen tsiku ndi tsiku, ndipo mayi woyembekezera amatulutsa wochuluka kwambiri kuposa wina aliyense, makamaka estriol. Vuto lili pa zonyansa zofika m'madzi zisanasefedwe bwino. Ndikukupemphani kuti pamene mukufotokozera amfumu, ngakhalenso polemba lipoti, mfundo imeneyi ikhale patsogolo.

Wophunzira wa ku Salima anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Amayi anamwino, levonorgestrel ndi medroxyprogesterone acetate ndiwawonjezera pa mndandanda, ndipo mawu okafotokozera anthu ndikufuna tidzawakonze limodzi ngati mungalole. Bambo a ku Nkhotakota, malangizo a nyengo ziwiri ndi oonekera kwa amfumu ndawalandira ndi manja awiri.

Achimwene a ku Dwangwa, ndatsala ndi mafunso awiri. Kodi yisiti ija ndi HPLC ya fluorescence ziona mahomoni atsopanowa? Ndipo popeza LC-MS/MS ndikaifuna kunja kwa Salima, masampulo ndiwasunge bwanji pa ulendo, poti ngakhale ku Lilongwe kuli makilomita pafupifupi 100 ndipo filiji siidalirika?

Woyeza mankhwala m'labotale, Dwangwa, anayankhanso kuti:

Achemwali, pa funso loyamba yankho ndi ayi. YES imamva zochita ngati estrogen, ndipo levonorgestrel ndi medroxyprogesterone acetate ndi a gulu lina, la progestin. Alibenso mbali ya phenol imene imachititsa estradiol kuwala, choncho fluorescence siwaona. Amaoneka pa makina ounika ndi kuwala kwa UV cha pa mananomita 240, koma pa mlingo wa mananogramu UV ndi yofooka, ndiye awa ndi a LC-MS/MS basi. Amayi anamwino anena zoona kuti ndi ofunika, pakuti kafukufuku wa m'malabotale anaonetsa kuti levonorgestrel amachepetsa kuikira mazira kwa nsomba ngakhale ali pa mlingo wa mananogramu ochepa pa lita. Ubwino wake ndi wakuti katiriji imodzi ya mtundu wa HLB imagwira magulu onse awiri, kotero simufunika kukoka kawiri.

Pa funso lachiwiri, musanyamule madzi, nyamulani makatiriji. Tungani m'mabotolo a galasi a bulauni, osati a pulasitiki, muwaike m'bokosi la ayezi, ndipo musefe ndi kudutsitsa madziwo pa katiriji tsiku lomwelo kapena asanathe maola 48. Kufulumirako kuli ndi chifukwa: mabakiteriya a m'madzi onyansa amasandutsa estradiol kukhala estrone botolo lili chikhalire, komanso amamasula mahomoni amene thupi linawatulutsa atamangika ku chinthu china chotchedwa glucuronide, motero manambala amasintha mukachedwa. Katiriji ikaumitsidwa ndi mpweya, n'kukulungidwa m'pepala la aluminiyamu ndi kuikidwa mozizira kwambiri, imasunga mahomoni nthawi yaitali kuposa madzi, ndipo makatiriji 40 amakwana m'kabokosi kamene munthu angakanyamule pa minibasi. Kudutsitsa madzi sikulira magetsi ambiri. Pampu yaing'ono ya batire kapena ya pamanja imakwanira.

Za kumene kuli makina, lemberani madipatimenti a sayansi a University of Malawi ku Zomba, MUBAS, MUST ndi LUANAR, komanso Malawi Bureau of Standards ndi Central Water Laboratory ku Lilongwe. Powafunsa musangofunsa ngati makina alipo. Funsani mlingo wotsikitsitsa umene anauonapo m'madzi enieni onyansa, ndiponso ngati ali ndi mahomoni oyerekezera okhala ndi deuterium (mtundu wolemera wa hydrogen), amene amathiridwa m'sampulo musanayambe kukoka kuti aonetse zimene zatayika m'njira. Pa ulendo uliwonse mutenge botolo limodzi la madzi oyera a m'labotale lidutse njira yonse ngati sampulo, chifukwa ndi lokhalo limene lingakuuzeni ngati mahomoni achokera m'manja mwanu kapena m'ziwiya.

Aphunzitsi anu akafuna umboni wakuti njira yanu ndi yosamala chilengedwe, pali chida chaulere cha pa kompyuta chotchedwa AGREE, cha mu 2020, chimene chimapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 1 potsata mfundo zina 12, za kuyeza mankhwala mosawononga chilengedwe. Muyerekeze njira yakale ndi yanu, koma pambali pa malikisiwo mulembe mlingo wotsikitsitsa umene njira iliyonse imaona, kuti wowerenga aone zonse ziwiri pamodzi.

Zinyalala zidzakhalapobe ngakhale zitachepa. Methanol ndi ethanol wogwira kale ntchito asungidwe m'botolo lagalasi lotsekeka bwino ndi lolembedwa, kutali ndi moto ndi dzuwa, ndipo asasakanizidwe ndi mankhwala a chlorine ngati alipo otsala m'labotalemo. Madzi otsukira ziwiya zimene munali mahomoni oyerekezera adutse pa makala a activated carbon asanapite m'sinki, ndipo makalawo asungidwe pamodzi ndi makatiriji akutha. Za katayidwe kake mufunse ku MEPA, bungwe loteteza chilengedwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Environment Management Act la 2017, ndipo mtengo wake muulembe mu bajeti ya kafukufuku kuyambira pachiyambi, pa mzere wakewake pafupi ndi mtengo wa makatiriji.